Ulendo wa pamadzi kuchokera ku Kasungu: mafunso amene mumandifunsa ndi mayankho ake

Chiyambire kutsogolera anzanga a m'gulu lathu la banki m'khonde pa maulendo a kunyanja, mafunso amene ndimalandira ndi omweomwewo chaka ndi chaka. Wina andiimitsa pamsika, wina pa depoti, wina aimba foni ine nditafunda kale bulangete. Ndiye ndati ndingowalemba pamodzi. Inenso ndine wa kumtunda konkuno. Madzi aakulu amene ndinkawadziwa ndili mwana anali a Bua akasefukira mu Febuluwale, ndipo tsiku loyamba kuima pagombe la Nkhotakota ndinafunsa mnzanga kuti tsidya lake lili kuti. Anandiseka mpaka kukhala pansi.

Kuchokera ku Kasungu kapena ku Mchinji, nyanja tingakaipeze pati?

Ife a ku Kasungu njira yachidule ndi msewu wa M18 wodzera pa Malomo, n'kutsetserekera ku Nkhotakota kudutsa m'nkhalango yosungirako nyama. Nkhalango yake ndi ija anasamutsiramo njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete mu 2016 ndi 2017, ndiye musamakakamize dalaivala kuti aime mukataye madzi patchire. Pirirani mpaka mutuluke pageti.

Amene mtima wawo uli pa Likoma ayenera kukafika ku Nkhata Bay. Mutha kukwera basi ya pa M1 kudzera ku Jenda, Chikangawa ndi Mzuzu, kapena kutsikira ku Nkhotakota n'kutsata msewu wa m'mbali mwa nyanja wa M5 kudzera pa Dwangwa ndi Chintheche. Wachiwiriwu ndi wokongola, koma nthawi ya mvula muyambe mwafunsa za milatho.

Abale athu a ku Mchinji ambiri amadzera ku Lilongwe n'kupitirira ku Salima ndi Senga Bay. Okhala cha ku Kamwendo atha kudula pa Santhe n'kudzatipeza ku Kasungu. Mudziwenso kuti mtsinje wa Bua umene umayambira kwanu uja umakathira m'nyanja yomweyi, kumpoto kwa boma la Nkhotakota, ndipo nsomba za mpasa zimakwera mtsinjewo pokaswana. Madzi anu anatsogola kale, mwatsala ndi inu.

Mwezi wabwino wopita ndi uti?

Funso ili ndi limene ndimafuna anthu atayamba nalo, koma amalifunsa pomaliza, tikiti ya basi ili kale m'thumba.

Nyanja imalamulidwa ndi mphepo. Kuyambira cha mu Meyi mpaka mu Ogasiti kumaomba mwera, mphepo yozizira yochokera kummwera, ndipo poti nyanja yathu ndi yaitali makilomita pafupifupi 580, mafunde amakhala ndi mtunda wonsewo woti akulire asanakumenyeni. Mwera ukalusa umatha masiku atatu kapena anayi osapuma. Asodzi amakokera mabwato kumtunda n'kumasoka maukonde, ndipo a nthambi yoona zanyengo amachenjeza pa wailesi kuti anthu asalowe m'madzi.

Tsono vuto lathu ife a kudera la fodya ndi loti ndalama imalowa m'thumba nthawi yomweyo imene nyanja yakwiya. Mabelo agulidwa ku Chinkhoma, soya ndi mtedza zapita kwa mavenda, munthu akuti tiyeni tikaone nyanja. Ndi Juni ameneyo. Mukafika mupeza madzi otuwa ngati phulusa, ana akunjenjemera, mwini boti akupukusa mutu. Ine malangizo anga ndi akuti ndalama ya ulendo muipatule mu Julayi, muisungitse kwa msungichuma wa gulu amene sachita manyazi kukana, ndipo mupite mu Seputembala kapena kumayambiriro kwa Okutobala. Nthawi imeneyo madzi amakhala bata, oyera moti mumaona miyala pansi. Mukachedwa mpaka Novembala ndalama ija idyedwa ndi feteleza, ndipo sindingakudzudzuleni.

Konzekerani kutentha. Nyanja ili pa mamita pafupifupi 470 kuchokera pamene pamalekeza madzi a nyanja zamchere, pomwe ife kuno tili pamwamba pa mamita 1,000. Thukuta la Okutobala wa ku Nkhotakota si la Okutobala wa ku Chamama. Tsiku la anakubala, pa 15 Okutobala, magombe a Salima amadzaza moti posowa n'poponda, ndiye ofuna phee alipewe.

M'dzinja kumaomba mpoto, ndipo namondwe amabwera modzidzimutsa masana kuli ngwee. Ubwino wake mapiri amabiriwira, ndiponso ndi nthawi imene mumaona kawirikawiri nkhungu, tizilombo touluka timene timatuluka m'madzi n'kupanga chimtambo ngati utsi wa lupsa pakati pa nyanja. A kunyanja amatikola n'kutiumba timitanda ta ndiwo. Kumapeto kwa Epulo nakonso n'kwabwino, mvula itasiya mwera usanayambe.

Ilala ija idakayendabe? Si yokalamba kwambiri?

Ndi yachikulire ndithu. Inapangidwa mu 1949 ndi kampani ya Yarrow ku Glasgow, m'dziko la Scotland, n'kubwera zidutswazidutswa kudzera ku Mozambique. Anailumikiza konkuno ndipo inayamba kuyenda mu 1951. Ndi yaitali mamita 52. Dzina lake linachokera ku dera la Ilala ku Zambia kumene David Livingstone anamwalirira mu 1873, ndipo panali Ilala ina yoyamba, yaing'ono, imene amishoni anafika nayo panyanjayi mu 1875.

Kwa zaka zambiri kayendedwe kake kakhala kotere: imanyamuka ku Monkey Bay Lachisanu, kufika ku Likoma ndi Chizumulu Loweruka, ku Nkhata Bay usiku wolowera Lamulungu, n'kupitirira ku Usisya, Ruarwe mpaka Chilumba. Pobwerera imachoka ku Nkhata Bay Lolemba usiku, kucha kwa Lachiwiri ili pa Likoma, Lachitatu ili kwawo ku Monkey Bay. Ndiye amene wakwerera ku Nkhata Bay Lolemba amakhala pachilumba mpaka Loweruka kudikira kuti imubweze.

Koma zimenezi muzitenge ngati ndondomeko ya mvula, osati ya belu la kusukulu. Sitima imachedwa ndi mphepo, imachedwa ndi katundu, ndipo nthawi zina imakhala ili kokonzedwa, m'malo mwake mukuyenda ina monga Chilembwe. Madoko oimapo nawonso amasintha, makamaka Nkhotakota. Imbani foni ku ofesi ya sitima sabata yomweyo, muimbenso kutatsala tsiku limodzi. Safunsa anadya phula. Ndipo ngati muli pantchito, musalonjeze abwana kuti Lolemba m'mawa mukhala pa desiki. Pemphani tsiku limodzi lapadera.

Tikwere kalasi iti?

Pansi penipeni ndi potsika mtengo, ndipo m'pamene pali moyo wonse wa nyanja: matumba a chimanga ndi usipa, malata, simenti, nkhuku zomangidwa miyendo, mabasiketi a tomato, amayi oyamwitsa atatsamira katundu wawo. Pa ulendo wa maola ochepa masana palibe vuto. Pa ulendo wa usiku wonse, kwa munthu woyamba kukwera sitima, fungo la nsomba losakanikirana ndi la dizilo limatembenuza m'mimba.

Ine gulu langa ndimalikweza pamwamba, pabwalo lopanda makoma. Pali mphepo, pali pogulira zakumwa, ndipo usiku mumayala mphasa kapena matiresi n'kugona mukuyang'ana nyenyezi. Uko kutali mumaona nyali za asodzi a usipa zitandandalika pamadzi ngati tauni yoti kulibe. Musasiye bulangete poti ndi Okutobala. Mphepo ya m'bandakucha pamadzi imalowa m'mafupa. Zipinda zogona ziliponso, koma ndi zochepa ndipo zimafunika kusungitsiratu.

Ndamva kuti malo ena sitima sifika kumtunda. Ndiye anthu amakwera bwanji?

Mwamva zoona. Ku Monkey Bay mumangoyenda pa doko n'kulowa. Koma pamalo pamene madzi ndi osaya, sitima imaponya nangula patali n'kutsitsa maboti ake awiri kuti azikatenga anthu.

Ndikuuzeni za usiku wina pa Chizumulu. Sitima inaima uko, magetsi ake okha akuoneka, ndipo huta italira mudzi wonse unatsikira kugombe ndi matochi. Boti linafika koma silinagunde mchenga, linaima pamene madzi amalekeza m'chiuno. Anyamata anavula malaya n'kuyamba kusenza matumba pamutu. Amayi ena a m'gulu lathu, munthu wolemekezeka wa kumpingo, anaima pamchenga atagwira nsapato m'manja n'kunena kuti, "Aphunzitsi, zoti tilowa m'madzi simunanene." Mnyamata wina anangoti, "Amayi, kwerani kumsana kuno," ndipo anawabereka ngati khanda mpaka m'boti, iwo akuitana Yehova njira yonse. Titafika m'mbali mwa sitima, boti linkakwera n'kutsika ndi mafunde, ndipo wantchito wa m'sitima ankakuwa kuti, "Dikirani likwere! Tsopano!" Mwana wa miyezi ingapo anadutsa m'manja mwa anthu anayi osawadziwa asanafike kwa mayi wake pamwamba, osalira n'komwe.

Choncho valani zoti zikanyowa musadandaule. Foni, ndalama ndi chiphaso muzikulunge m'majumbo awiri n'kuziika m'chikwama cha pachifuwa. Sutukesi ya matayala isiyeni kunyumba. Chikwama choberekera kumsana ndiye chimasiya manja onse awiri kuti mugwire makwerero.

Sindidziwa kusambira. Kodi sindikamira?

Ambiri a ife a kumtunda sitidziwa, ndipo amene amati amadziwa anaphunzirira padziwe la kudambo. Mantha anuwo ndi abwino, musawataye. Nyanjayi kumpoto ndi yakuya mamita pafupifupi 700, ndipo inamezapo sitima yathunthu: pa 30 Julayi 1946 Vipya inagubuduzika ndi namondwe kufupi ndi Chitimba, anthu 145 n'kufa. Taonani mweziwo, ndi nthawi ya mwera. Bishopu Chauncy Maples, amene dzina lake linapatsidwa kwa sitima ina yakale ija, nayenso anamira m'nyanja yomweyi mu 1895 bwato lake la thanga litagubuduzika.

Komabe ngozi zambiri za masiku ano sizichitikira pa sitima yaikulu. Zimachitikira pa maboti aang'ono odzaza mopyola muyeso, ndiponso pagombe penipeni, munthu atamwa mowa n'kulowa m'madzi kuti anzake amujambule. Musakwere boti lopanda laifi jaketi yokwanira aliyense, ndipo muivale, osati kuikhalira. Mukaona kuti m'mphepete mwa boti mwatsala pang'ono kufanana ndi madzi, tsikani ngakhale mwalipira kale. Mukaona asodzi eniake akhala pamtunda dzuwa lili pamutu, musamvere mnyamata amene akuti iye yekha akhoza kukuolotsani.

Ine ndinaphunzira ndi tsoka. Chaka china tinachita hayala boti pagombe lina kuti tikazungulire kachilumba. Pobwerera injini inatsokomola kawiri n'kuzima. Mwini wake anatsegula chigubu, n'kuchigwedeza, n'kutiyang'ana. Petulo anali atagula wongokwanira ndendende, ndipo nkhafi inalimo imodzi. Tinayandama maola awiri dzuwa likutiwotcha mpaka asodzi ena anatikoka ndi chingwe. Kuyambira pamenepo ndisanakweze munthu ndimanyamula ndekha chigubu chapadera kuti ndimve kulemera kwake, ndimawerenga nkhafi, ndipo ndimasiya nambala ya mwini boti kwa munthu wotsala kumtunda.

Nanga zosanza?

Zimagwira aliyense, ngakhale mabwana. Idyani pang'ono musanakwere, zopanda mafuta ambiri. Chipisi cha pachiwaya chidikire. Khalani pakati pa sitima pamene pali mphepo, maso akhale kutali kumene madzi akumana ndi thambo, osati pa foni. Mapiritsi oletsa chizungulire amapezeka m'mafamase, ndipo amamwedwa musananyamuke. Tengani ndimu ndi jumbo.

Ku Likoma kuli chiyani choti munthu n'kuvutikira ulendo wonsewo? Pamafunika pasipoti?

Pasipoti ayi. Likoma ndi Chizumulu ndi Malawi, ngakhale zilumbazi zazunguliridwa ndi madzi a Mozambique ndipo mapiri amene mumawaona pafupi kuvuma ndi a dziko limenelo. Chiphaso cha unzika n'chokwanira. Pasipoti ifunika pokhapokha mukafuna kuolokera ku Cobué, kugombe la Mozambique.

Chilumbachi n'chaching'ono, masikweya kilomita 18 okha, chamiyala ndi milambe ikuluikulu. Chimene chimadabwitsa aliyense ndi tchalitchi cha St Peter's cha mpingo wa Anglican. Mukuyenda pakanjira ka fumbi pakati pa minda ya chinangwa, mwadzidzidzi patsogolo panu paima chinyumba chotalika pafupifupi mamita 100, chokhala ndi nsanja ziwiri ndi mawindo a magalasi amitundumitundu. Anayamba kuchimanga mu 1903 ndipo chinapatulidwa kwathunthu mu 1911. Malo amene chinamangidwapo amatchedwa Chipyela, chifukwa kale ankatentherapo anthu oganiziridwa ufiti. Mkati muli kamtanda kosemedwa kuchokera ku mtengo wa kumene Livingstone anafera. Amishoni a UMCA, bungwe la mishoni la mpingo wa Anglican, anakhazikika pachilumbachi m'zaka za m'ma 1880, ndipo sukulu zawo n'zimene zinachititsa kuti anthu a ku Likoma atchuke ndi maphunziro kuyambira kalekale. Kaya ndinu a CCAP, a Katolika kapena Asilamu, mukapezeke pakhomo pake Lamulungu m'mawa mumve kuimba kwake.

Kupatula tchalitchi, ku Likoma n'koyenda wapansi. Msika wa pa Mbamba, magombe a mchenga woyera, mathandala oyanikapo usipa, ana opalasa mabwato aang'ono ngati akusewera. Mukachita mwayi mupeza malipenga, gule amene ife a mganda timamumva m'magazi nthawi yomweyo: mizere yomweyo, zovala zoyera zomwezo, kunyada komweko. Chinyanja chawo chimapendekera kwina pang'ono koma mumvana bwinobwino. Nsima yambiri ndi kondowole. Amene sanaizolowere asadye yodzaza mbale tsiku loyamba.

Zinthu m'magolosale n'zokwererapo mtengo chifukwa pafupifupi chilichonse chimabwera pamadzi. Musanyinyirike pamaso pa wogulitsa. Kwa eni kulibe mkuwe.

Chizumulu nacho?

N'chaching'ono kwambiri, masikweya kilomita atatu, moti mutha kuchizungulira wapansi tsiku limodzi. Kulibe zambiri zochita koma kukwera phiri, kuyang'ana madzi ndi kucheza ndi asodzi. Ena a m'gulu lathu anatopa nako tsiku lachiwiri. Ine ndi kumene ndimakukonda koposa.

Timafuna kukwera bwato la thanga lenileni, lopanda injini. Zimatheka?

Zimatheka, ndipo ndi ulendo wosiyana ndi wina uliwonse chifukwa kulibe phokoso. Mumangomva madzi akunyambita matabwa ndi chingwe chikulira pamlongoti. Pakati pa Likoma, Chizumulu ndi gombe la Mozambique mumayendabe ngalawa zamatabwa za thanga la ngodya zitatu, zonyamula nkhuni, chimanga ndi anthu. Mathanga ena ndi osokedwa ndi zigamba za matumba, ena mpaka mumawerenga dzina la feteleza. Kapangidwe kake kanabwera ndi Aswahili ochokera kugombe la nyanja ya Indian m'zaka za m'ma 1800.

Anthu amadabwa kuti bwato lotere limapita bwanji kumene mphepo ikuchokera. Sililunjika. Woyendetsa amalipendeketsa kuti mphepo imenye thanga cham'mbali, n'kupita chakumanja kwa kanthawi, kenaka amatembenuza thanga n'kupita chakumanzere, monga imachitira ng'ombe yokoka ngolo pokwera chitunda. Ndiye ulendo umene mphepo ikakhala kumbuyo ndi wa ola limodzi, pobwerera utha kudya theka la tsiku. Mphepo ikaleka, mumakhala pomwepo. Ukafunsa woyendetsa kuti tifika nthawi yanji, amayang'ana kumwamba n'kuyankha kuti, "Tifika."

Ngalawa zimenezi n'zonyamula katundu, ndipo zambiri zilibe zodzitetezera. Ngati mukufuna kulawa chabe, panganani ndi mwini wake kuti akuyendetseni m'mbali mwa gombe m'mawa kuli bata, mutavala majaketi obwereka kumalo ogona alendo. Ku Cape Maclear ndi ku Senga Bay malo ena ogona ali ndi maboti amakono a thanga okhala ndi woyendetsa wake. Palinso mpikisano wa maboti otere umene umachitika cha mu Julayi, kuchokera kummwera kwa nyanja kupita kumpoto kwa masiku angapo. Iwowo mwera amachita kuufuna.

Tili ndi masiku awiri okha. Tipite kuti?

Likoma muiwale. Pitani ku Senga Bay, kumene boti limakufikitsani pa kachilumba ka Namalenje m'mphindi zochepa, kapena patsogolo pang'ono ku zilumba za Maleri. Mukakhala ndi tsiku lachitatu, pitirirani ku Cape Maclear, m'mudzi wa Chembe. Kumeneko ndi m'kati mwa Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linaiika m'gulu la malo ofunika padziko lonse mu 1984, makamaka chifukwa cha nsomba za mbuna. Pamakhala kandalama kolowera, ndipo Amalawi amalipira kochepa poyerekeza ndi alendo akunja.

Boti likakufikitsani pa chilumba cha Thumbi, amakupatsani galasi lovala kumaso. Ngakhale osadziwa kusambira atha kugwira mwala, madzi ali m'chiuno, n'kuviika nkhope. Timbuna tabuluu, tachikasu, tamizeremizere timabwera mpaka kudzakujomphani zala. Bambo wina wa ku Santhe, mlimi wa fodya wosaseka wamba, anadzutsa mutu m'madzi n'kunena kuti, "Koma zimenezi n'zosapenta?" Pobwerera woyendetsa amaimba likhweru n'kuponya kansomba pamadzi, ndipo nkhwazi imachoka pamtengo, kutsika ngati mwala, n'kukatola ndi zikhadabo pafupi ndi boti lanu. Konzekeranitu kamera, sibwereza kawiri msanga.

Pafupi pomwepo pali manda a amishoni oyamba a Livingstonia, amene anafika mu 1875 koma malungo anawathamangitsira ku Bandawe mu 1881, asanakwere ku Khondowe mu 1894. Zilumba za Domwe ndi Mumbo nazo zili pomwepo, ndipo ena amapitako pa timabwato topalasa okha.

Chilumba cha Mbenji, cha ku Salima, n'china. Ndi cha asodzi, chili ndi malamulo a mfumu Makanjira amene akhalapo kuyambira kale: kumatsekedwa nthawi ya mvula kuti nsomba ziswane, ndipo mowa, juga ndi amayi saloledwa. Si malo opitako ndi gulu la kwaya.

Pa Nkhotakota n'pongodutsa, kapena pali choona?

Imanipo, ngakhale theka la tsiku. M'zaka za m'ma 1840 Mswahili wina, Salim bin Abdallah, amene ankatchedwa Jumbe, anakhazikitsa pamenepa msika waukulu wa minyanga ya njovu ndi akapolo. Njira yochokera kuchigwa cha Luangwa inkadutsa kwathu kuno ku Kasungu n'kutsikira ku Nkhotakota, kumene anthu ankalongedwa m'ngalawa kuoloka nyanja, kenaka n'kuyenda wapansi miyezi mpaka ku Kilwa. Ena mwa iwo anali a m'midzi yathu yomweyi. Mkuyu umene Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe m'zaka za m'ma 1860 udakalipo pa mishoni ya Anglican. Kummwera pang'ono kuli thamanda la Chia, kwabwino kuonerako mbalame pa boti ndi kugulako nsomba.

Ng'ona ndi likodzo?

Ng'ona ndi mvuu zimakonda pamathiriro a mitsinje ndi m'mabango, osati pamagombe a mchenga oyera pamene pamakhala anthu ambiri. Sambani pamene eni mudzi akusamba, ndipo musalowe m'madzi usiku. Kumbukiraninso kuti madzi akakwera, monga anachitira mu 2024 pamene magombe ambiri ndi nyumba zina zinamira, nyama zimasuntha malo. Zimene munaona chaka chatha musazidalire.

Likodzo liliko, makamaka m'madzi odekha a pafupi ndi midzi momwe muli nkhono. Si chifukwa chokanira ulendo, poti ngakhale m'madambo athu muno lilimo. Pakatha miyezi iwiri mutabwerako pitani kuchipatala mukanene kuti munasamba m'nyanja. Mankhwala ake ndi praziquantel, ndipo amapereka molingana ndi thupi la munthu. Neti ya udzudzu nyamulani yanu.

Tisunge ndalama zingati?

Mitengo sindilemba pano. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo umene walembedwa lero umakhala wabodza mwezi wamawa. Chimene ndimachita n'kufunsa mtengo wa basi, sitima ndi malo ogona sabata yomweyo, kuphatikiza, n'kuwonjezerapo gawo limodzi mwa magawo atatu la masiku amene nyanja ingatigwire. Ndalama ina ikhale ya m'manja, chifukwa pachilumba netiweki ikagwa kapena wa Airtel Money ndi Mpamba akakhala alibe ndalama, ya mufoni sigula nsima. Pa boti la hayala gwirizanani mtengo wa boti lonse musanakwere, mutchule zilumba zimene mukafike ndi maola ake, ndipo theka mulipire pobwera.

Kamba wa paulendo amapulumutsa: mtedza wokazinga, mbatata yophika, chiponde, madzi akumwa. Mtedza wa kwathu kuno ukaupereka kwa mayi wa pachilumba amene wakusungira katundu, amaulandira ndi manja awiri kuposa ndalama.

Ana ndi agogo tingawatenge?

Ku Senga Bay ndi ku Cape Maclear, inde. Mwana aliyense akhale ndi wamkulu wake womuyang'anira, osati "tonse tikuwaona". Ku zilumba zokwerera pa makwerero usiku, agogo a mawondo ovuta ayambe aganiza kawiri.

Nanga nyanja yamchere? Zanzibar ndi ya azungu okha?

Ayi. Amalonda ambiri a ku Kasungu amafika kale ku Kariakoo mu Dar es Salaam kukaoda katundu, n'kubwerera osadziwa kuti atsala maola awiri okha pa boti lothamanga kuti aponde Zanzibar. Njira ndi yomweyo ya Karonga, Songwe, Kyela ndi Mbeya. Pasipoti ndi yofunika, ndipo pofika pachilumbapo amaidindanso ngakhale ndi Tanzania yemweyo. Nyamulaninso kabuku kachikasu ka katemera, ndipo mufunsiretu za inshuwalansi imene boma la Zanzibar linayamba kufuna kwa alendo mu Okutobala 2024. Tikiti mugule pa ofesi ya boti, osati kwa anyamata okuthamangirani pageti, ndipo mukwere maboti odziwika. Mu Seputembala 2011 sitima yodzaza mopyola ya Spice Islander inamira pakati pa zilumba za Zanzibar za Unguja ndi Pemba n'kupha anthu ambirimbiri.

Kumeneko muona zimene nyanja yathu ilibe. Madzi amaphwa n'kubwerera kawiri pa tsiku, moti kugombe la kuvuma mutha kudzuka n'kupeza nyanja yathawira kutali, amayi akukolola ndere zimene amalima m'madzi. Ngalawa za thanga zimasemedwabe ndi manja ku Nungwi, ndipo amalinyero amayendera mphepo ziwiri, kaskazi yochokera kumpoto ndi kusi yochokera kummwera, imene imaomba nyengo imodzi ndi mwera wathu. Pa kachilumba ka Changuu pali akamba akuluakulu ochokera ku Seychelles. Mu Stone Town muli tchalitchi cha Anglican chimene anayamba kumanga mu 1873 pamalo pamene panali msika wa akapolo, ndipo anachimanga ndi a UMCA omwe aja a ku Likoma. Amene anaimapo pansi pa mkuyu wa ku Nkhotakota akalowa m'tizipinda ta pansi timene amaonetsa alendo pamenepo, amatuluka ali chete. Anthu ake ambiri ndi Asilamu, choncho m'tauni valani modzilemekeza. Chitenje chathu chimagwira ntchito.

Nsomba zobwera nazo kumudzi tigule kuti, ndipo tizinyamule bwanji?

Mukabwera chimanjamanja apongozi sakukhululukirani, ndiye funsoli ndi lalikulu. Usipa ndi utaka wouma gulani pathandala pomwe, m'mawa, mutaulawa. Wowawa ndi woti unanyowapo ndi mvula. Kampango ndi mcheni wowamba muuthyole pang'ono muone ngati mkati mwauma. Muzikulunge m'mapepala n'kuika m'katoni kapena m'dengu, chifukwa m'jumbo zimachita thukuta n'kuyamba fungo musanafike pa Malomo. Kumapeto kwa chaka boma limatseka usodzi wa makoka ena kuti chambo chiswane, ndiye wina akakutsatsani tiana ta chambo nthawi imeneyo, mukaneni.

Chambo chachiwisi mugule tsiku lonyamuka, chamaso owala ndi makha ofiira, achichotse zam'mimba pomwepo. Ngati mulibe bokosi la ayezi, chitani zimene amachita madalaivala a pa M5: kuchimanga ndi mlaza n'kuchipachika kunja pagalasi la galimoto kuti chiziombedwa mphepo. Mumuuze kondakitala kuti nsombazo ndi zanu, ndipo muziwerenge iye akuona.